Mtovu wa pa Ukonde wa Useni

Madzulo amenewo analibe chachilendo. A Bakari anabwera kuchokera kumzikiti ku swala yomaliza, anavula nkhwaira pakhomo, n'kukoleza makala pambaula. Akazi awo a Tatu ankasenda chinangwa choti akaviike mawa. Mwera unali utayamba, madenga onse a ku Malengachanzi akungoti waaa.

A Bakari anali mmisiri wa zikopa. Nsapato, malamba, zingwe za goli, zonse ankasoka, koma chimene chinawatchukitsa mpaka ku Benga chinali chikoti. Luso lake silinali pachikopa ayi, linali m'chigwiriro. Ankadula kansungwi, n'kusungunula mtovu m'kachitini, n'kuthira pang'ono chabe kutsinde, kenako n'kulukira timizere ta chikopa pamwamba. Mtovu ukakhala wa muyeso, dzanja silitopa, nsonga imalira m'mwamba, ng'ombe n'kumayenda osakhudzidwa n'komwe. Oyendetsa ngolo ankachita kulimbirana.

Koma chikoti cha usiku umenewu sichinali cha ngolo. Chinali cha Maliko, mkulu wa anyamata aja ankaimitsa anthu pamsika kufunsa khadi la chipani. Malikoyo ng'ombe analibe, ngakhale mbuzi. Chaka chathacho anali atapangitsa kale china, ndipo analamula kuti mtovu udzaze nsungwi yonse. A Bakari anadziwa kuti kulemera koteroko si kwa ng'ombe, koma anapanga. Masiku amenewo ukanakana uli yani?

Ndiye kunabwera tsiku la msonkhano wa chipani, lomwenso usipa unafika wochuluka. Useni, mwana wawo mmodzi yekhayo, bambo wa ana awiri, anasankha usipa. Anyamata aja anamugwira akutsika m'bwato, anamukweza galimoto, basi. Miyezi inayi inadutsa popanda wonena kumene ali. A Tatu anaonda mpaka chitenje chinkazungulira kawiri.

Lachiwiri lapitalo Maliko anatulukira akumwetulira. Anati chikoti chija chatha ntchito, akufuna chatsopano cholemera chimodzimodzi, ndipo akadzachitenga Lachisanu adzanena kumene kuli Useni. Inu, munthu woti mwana wake wasowa, ungamuuze kuti meza khasu, ameza.

Chikopa chinalipo, nsungwi inalipo. Mtovu ndiwo panalibe. A Bakari anayang'ana kudenga kumene kunapachikidwa ukonde wa Useni, timiyala take ta mtovu tili lende. Anatenga mpeni.

"Bambo a Useni, mukutani?" anafunsa a Tatu.

"Ndingochotsako tisanu."

"Ukonde wa munthu wamoyo sadula. Mwaiwala? Mukufuna kumulodza mwana?"

"Ndikufuna kumupeza, mayi. Akabwera ndidzamumangirira tina."

A Tatu anadzuka. Anasiya chinangwa chosasenda m'lichero, n'kulowa kuchipinda.

A Bakari anakhala okha ndi koloboyi. Anaponya timiyala tija m'kachitini, n'kukatereka pamakala. Pang'onopang'ono tinayamba kugonja, mpaka tonse tinasanduka madzi onyezimira. Anaimika nsungwi m'mbale ya mchenga, natseka kunsi kwake ndi dongo. Anagwira kachitini ndi chopanira.

Apo mpamene mwera unaleka. Sunachite kuchepa ayi, unangoti zii, ngati wina watseka chitseko. Achule a m'dambo la mpunga nawonso anakhala chete. Galu wa oyandikana nawo, wouwa ngakhale tsamba, analira kamodzi mopyapyala n'kuthawira kutali.

Go. Go. Go.

Kugogodako kunali kofooka, ndiponso kunamvekera m'munsi mwa chitseko, ngati wogogodayo wakhala pansi.

"Ndani?"

"Odi, Baba."

Mawu amenewo a Bakari akanawadziwa ngakhale pakati pa msika wa Loweruka. Anabwezera kachitini pamoto, nadzuka, dzanja lili kale pa mpiringidzo.

"Musatsegule, Baba. Amayi angandione."

"Useni! Akumasula? Lowa, mwanawe, kunja kukuzizira."

"Kuzizira ndinasiya kumva. Musatsegule."

Chitsekocho chinali cha matabwa atatu, ndipo pakati pa awiri panali mpata wolowa chala. A Bakari anagwada, nayika diso. Mwezi unali wochepa, koma anaona. Munthu anakhala tsonga pakhonde, atafulatira. Malaya ake anali omwe aja anapita nawo kunyanja, ongotsala nsanza. Mutu unapendekera kumanzere, ndipo dzanja lamanja linagwira kunkhongo, monga agwirira munthu mphika wosweka kuti usamwazike. Mapewa sankakwera kapena kutsika. Munthuyo sankapuma.

"Uli kuti, mwana wanga? Ndiuze, ndibwere."

"Malo ake sindikuwadziwa. Anatipititsa usiku. Tilipo anayi, pamodzi."

A Bakari anatchula dzina la Mulungu chamumtima.

"Baba, ndabwerera chinthu chimodzi. Chigwirirocho musachilemetse."

"Iwe..."

"Chija choyamba munalemetsa. Samenyera kunsonga, Baba, amachitembenuza. Ndinachizindikira chili m'mwamba. Malukidwe anu aja a timizere tisanu ndi titatu, amene munkandiphunzitsa ine n'kumalephera. Ndinati, ichi n'cha Baba."

Mawuwo analibe mkwiyo, ndipo n'chimene chinapweteka koposa. Ankayankhula ngati mmene ankanenera za mphepo kapena za bwato lobooka. A Bakari anagunditsa chipumi pathabwa, misozi ili chuchuchu.

"Ndikhululukire, Useni."

"Kumene kuja kwatsala ana a eni ake ambiri. Chipepuke, Baba."

Kenako panamveka ngati munthu akudzikoka pansi, pang'onopang'ono, kulowera kuseri kwa nyumba. A Bakari anasolola mpiringidzo, natulukira panja. Pakhonde panalibe munthu. Anazungulira nyumba, anafika kunkhokwe, anafika kumango, akuitana monong'ona poopa makutu a anthu. Mwera unayambiranso, achule nawo anayambiranso, ngati palibe chachitika.

Atabwerera m'nyumba anapeza makala ali psuu, moto weniweni, koma mtovu m'kachitini utauma gwa. Anaukhudza ndi chala. Unali wozizira ngati mwala wa pansi pa nyanja.

Pakhomo la chipinda panaima a Tatu, atagwira chitenje pakamwa. Kaya anaimapo nthawi yayitali bwanji.

"Anadya?" anafunsa.



"Mawu ake amamveka anjala," anatero a Tatu, n'kukhala pansi pomwepo.

Sanagone. A Bakari analukira chikopa pa nsungwi yopanda kanthu m'kati, manja akugwira okha ntchito imene anaizolowera, maso osaona. Kunja kukuyera, chikoti chinali chitatha.

Maliko anafika dzuwa litakwera, malaya ali owongola bwino. Anachinyamula, nachiyesa m'dzanja, nkhope n'kukwinyika.

"Madala, ichi chapepuka ngati phesi."

"Mtovu wasowa, bwana. Asodzi akukaniza."

Maliko anatsonya, komabe anachikoleka m'khwapa. Atafika pampanda anatembenuka ngati wakumbuka kanthu kakang'ono.

"Za mwana wanu zija. Ali bwino, ali kumwera uko, akuphunzira mwambo. Wanenepa kwabasi. Akuti moni."

Apa mpamene mtima wanga umawawira ndikamakamba nkhaniyi. A Bakari, munthu wa imvi, anagwira chipewa m'manja, anaweramitsa mutu, nati, "Zikomo, bwana. Mukamuona mumuuze kuti kuno tili bwino."

Maliro sanalengezedwe. Ukanalengeza bwanji maliro a munthu amene akuluakulu akuti wanenepa? Kulira mokweza kukanakhala kuwatsutsa, ndipo galimoto ija inkadziwa njira. Koma m'mudzi nkhani imayenda ndi mapazi ake. Mayi wina woyandikana nawo ananong'oneza mnzake kuchitsime kuti usikuwo anaona munthu akukwawa kuchoka pakhonde la a Bakari, wopanda chithunzithunzi. Ena ankati chinali chiwanda chobwereka mawu. Ena ankati ndi mtovu uja unamuitana, poti munthu amatsata chake. A Shehe atafunsidwa anangoyang'ana pansi, n'kunena kuti Mulungu ndiye adziwa.

Masana a Lachisanu lomwelo amayi a m'mudzi anayamba kubwera mmodzimmodzi, wina ngati wodzapempha mchere, wina ngati wodzapala moto. Aliyense ankalowa, n'kukhala pamphasa pafupi ndi a Tatu ndi mkazi wa Useni, osanena kanthu, kenako n'kutuluka wina asanalowe. Amuna ankadutsa pamsewu, n'kuchepetsa liwiro, n'kugwira pamtima.

Patatha masiku makumi anayi, nthawi imene Asilamu amachita sadaka ya womwalira, a Tatu anaphika mpunga mphika waukulu, natuma mbale nyumba ndi nyumba. Panalibe ukwati, panalibe Idi. Mudzi wonse unalandira ndi manja awiri, unadya, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti mpungawo ndi wa chiyani.