Musandiiwale Tsidya Lino

Ambiri akamva nkhani iyi amayamba aseka, chifukwa imayambira pa masewera. Nanenso ndinaseka. Koma anandiuza ndi Marita, namwino amene waona imfa pafupi kambirimbiri osaphethira, ndipo si munthu wokometsera nkhani. Tisiyenji ali ku Joni, mukhoza kumuimbira. Mayi ake a malemu Henry, aNankhoma, ali ku Msundwe. Mwini nkhani, Benedicto, mumupeza pa Namitete m'sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza. Mukapitako, mukayang'ane manja ake.

Anayiwa anaphunzira limodzi ku sekondale, kenako moyo unawamwaza. Benedicto anakalowa m'sitolomo, Henry anagula njinga yamoto nkuyamba kabaza, Marita anakagwira ntchito cha ku Nsaru, ndipo Tisiyenji anapita kukasesa m'nyumba za eni ku Joni. Masewerawo anabwera nawo ndi Tisiyenji, atawaonera kwa ana a bwana wake. Safuna bwalo kapena mpira. Mmodzi amakamba nthano, enawo amakhala anthu a m'nthanomo, aliyense nkumanena chimene munthu wake achite. Pakafika pokayikitsa, monga kulumpha chigwembe kapena kulasa chilombo, mwini wake amaponya dayisi, kamwala kokhala ndi manambala kuyambira wani mpaka sikisi. Ikagwa nambala yaikulu zatheka, ikagwa yaing'ono walira. Iwo ankangowatchula kuti Ulendo.

Lamlungu lililonse madzulo akadya, ankagula bandulo nkuimbirana onse pamodzi, mawu okha, pakuti netiweki ya kwathu kuno ikangoona vidiyo imakomoka. Popeza sankaonana, lamulo linali lakuti dayisi iponyedwe pafupi ndi foni kuti imveke, ndipo woponyayo anene yekha nambala, osanama. Marita ankaponya patebulo, Tisiyenji pansi. Henry yekha ankaponya m'mbale yachitsulo yakale, yosupuka m'mbali, ndipo kulira kwake aliyense ankakudziwa: ngwe, ngwe, ngwerere.

Wokamba nthano anali Benedicto. Kusitolo anali munthu wa “inde bwana”, wosayang'ana kasitomala m'maso, koma Lamlungu ankasanduka mwini mapiri ndi mitsinje, ndipo kunena zoona, ufumuwo unkamukomera. Ankakonda kupanikiza anzake pakona nkumamvetsera akutuluka thukuta.

Lamlungu lina m'nyengo yozizira anawafikitsa pa mtsinje wodzaza, wopanda mlatho, wopanda bwato. Chingwe chinalipo chimodzi. Tsidya linalo chinali chomangidwa kumtengo, koma kumene iwo anaima kunali mchenga wokhawokha, popanda chitsa kapena mwala. Wina anayenera kuchikoka ndi manja kuti anzake awoloke atachigwirira. Henry, amene m'nthanomo anali mlenje, anadzipereka. Sing'anga wa Marita anawoloka, wosula mikondo wa Tisiyenji anawolokanso.

“Nanga ine, Bene?” anafunsa Henry. “Ndidzimange nacho andikoke?”

“Chikangokhwefuka, madzi akutenga. Mtsinjewu ndi wanga, ndikuudziwa.”

“Ndiye ndiwoloka bwanji?”

“Udzaona Lamlungu. Tilekezere pomwepa. Ndidzakuwolotsa ndine.”

Zoona zake, Benedicto naye sankadziwa kuti adzamuwolotsa bwanji. Anali ndi sabata yathunthu yoganizira, ndiye panalibe chomudetsa nkhawa.

Henry anaseka. “Chabwino. Koma musandiiwale tsidya lino, anthu inu. Kukuzizira.”

Lamlungu limenelo silinamupeze. Mkati mwa sabata, lole yonyamula mabelo a fodya inamuwomba pamsewu wa ku Mchinji, ndipo anafera pomwepo.

Kumanda, bokosi lisanatsike, amalume ake anaimirira monga mwa mwambo. Anati mwana wawo akufuna apite wopepuka, choncho aliyense amene anatsala naye pa kanthu, kaya chobwereka kaya pangano, anene pompo anthu akumva. Mnzake wa kabaza anabweza pampu. Mayi wina anati malemu anamulonjeza kumunyamulira chimanga kupita kuchigayo, ndipo anati, “Ndamumasula.” Benedicto anakumbukira mtsinje uja. Kumbali ya amayi, Marita anali kumuyang'ana. Koma munthu wandevu zako ungaimirire bwanji pakati pa mafumu ndi akulu a mpingo, nkunena kuti malemuyu ndinamusiya atagwira chingwe m'nthano ya pa foni? Anawerama nkumayang'ana nsapato zake, mpaka adzukulu anayamba kukwirira.

Patapita milungu ingapo, maliro atametedwa, Tisiyenji anachonderera kuti Ulendo upitirire. Iye kumaliro sanakwanitse kubwera, ndipo anati Lamlungu la ku Joni lopanda mawu a kwawo linkamupweteka kuposa ntchito. Benedicto anavomera. Koma vuto linali pa nkhani ya mlenje. Kumupha sakanatha. Kumuwolotsa mwini wake palibe, sakanathanso. Anangoti, “Mlenje adzatipeza kutsogolo,” nkuwatengera awiriwo kuphiri.

Marita anaponya dayisi yake. Tisiyenji anaponya yake. Kenako onse anadikira pang'ono, mwachizolowezi, pamalo paja pamene Henry ankalowerapo.

Ngwe. Ngwe. Ngwerere.

“Tisi, usatero,” anatero Marita.

“Mbale yachitsulo ndiitenga kuti ine kuno? Ndimayesa ndi Bene.”

Benedicto anayang'ana foni yake. Maina anali atatu. Anati mwina ndi netiweki, ndipo onse anavomereza msangamsanga, poti netiweki siyankha mlandu.

Lamlungu lotsatira kunabwera achule. Umenewo unali mwezi wa fumbi, madambo ali gwa, mwezi umene chule sumumva ngakhale utamufuna. Koma atatu onsewo anawamva m'foni, poyamba chapatali, kenako pafupi. Marita anatsegula zenera lake: kunja kunali zii. Benedicto ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, kamene masiku onse kamanunkha feteleza. Madzulo amenewo munamveka fungo lina, la khonje lonyowa ndi matope a mumtsinje.

Mbale inaliranso pa nthawi yake. Itasiya, panatsala kupuma. Kunali kupuma kwa munthu amene wasenza cholemera ndipo alibe pochitula.

Tisiyenji anadula foni. Marita naye anadula. Benedicto anatsala yekha ndi fungo lija, mtima ukumuwawa kuposa mmene ankaopera, chifukwa kupumako ankakudziwa. Anakhala naye desiki imodzi.

Mkati mwa sabata imeneyo aNankhoma anatsika minibasi pa Namitete nkulowa m'sitolo. Sanabwere kudzagula kanthu. Anadikira makasitomala athe, nkukhala pa thumba la feteleza. Anali ataonda, maso atalowa.

“Mwana wanga, ine sindikugona. Mnzako akundibwerera kutulo tsiku ndi tsiku. Waima pamchenga, wanyowa, wagwira chingwe, m'manja mukutuluka magazi. Ndikamuuza kuti siya, akuti Bene akudziwa. Ukudziwa chiyani iwe?”

Za Ulendo mayiwa sankadziwa chilichonse. Ankangodziwa kuti Lamlungu mwana wawo ankadzitsekera m'nyumba ndi mbale, nkumaseka yekha. Benedicto anagwada pansi nkuwafotokozera zonse, mtsinje, chingwe ndi pangano lija. Kenako anafunsa ngati mbale ija ikadali pakhomo.

“Tinaiboola. Ili pamtumbira pake, monga mwa mwambo.” Anamuyang'ana nthawi yaitali. “Amalume ake atafunsa paja, unali kuti?”

“Ndinachita manyazi, amayi. Anali masewera chabe.”

“Nanga iye kumene aliko akudziwa kuti ndi masewera?”

ANankhoma anadzuka pathumba paja.

“Unamusiya ndiwe. Kamuwolotse, mwana wanga akapume.”

Lamlungu linafika. Marita anayamba ndi pemphero. Asananene amen, achule anali atayamba kale. Benedicto anawabweza onse kumtsinje, nkuyesa njira yachidule.

“Madzi aphwa,” anatero. “Mlenje wawoloka pouma.”

Achule anawonjeza. Pansi pa phokoso lawo panamveka madzi akuthamanga, ambiri, olemera.

“Sakuvomera,” ananong'ona Marita. “Ukumudziwa Henry, zomukondera ankakana. Unanena wekha kuti chikakhwefuka madzi amutenga. Wina akamugwirire. Sing'anga wanga abwerera.”

“Usayerekeze!” anatero Tisiyenji. “Iwe uli ndi mwana.”

Benedicto anatseka maso. Mtsinjewo anaukumba yekha ndi pakamwa pake, pofuna kuti anzake amutame nzeru. Mchenga anauthira yekha. Mitengo anaichotsa yekha.

“Kumbuyo kwa mlenje kukubwera munthu,” anatero. “Akuyenda pamchenga.”

“Ndani?” anafunsa Tisiyenji, pakuti lamulo lina la Ulendo linali lakuti aliyense wolowa m'nthano akhale ndi dzina.

Mpaka lero Marita amati Benedicto akanangotchula dzina lililonse, la m'mutu, mwina zikanathera pomwepo. Koma pangano linali lakuti ndidzakuwolotsa ndine.

“Ndine,” anatero. “Ndine Benedicto. Henry, ndipatse chingwecho.”

Foni ya Benedicto inagwa pansi. Marita ndi Tisiyenji anamva mpando ukukhwekhwereza pasimenti, ngati wina waukoka mwamphamvu. Anamva Benedicto akubuula.

Ngwe. Ngwe. Ngwerere.



Kenako mawu, otsika, a munthu amene mano akugundana.

“Sikisi.”

Marita anawamva. Tisiyenji anawamva. Onse awiri amalumbira kuti anali mawu a Henry.

Madzi anayamba kukhuvuka. Wina anali kuwoloka, pang'onopang'ono, dzanja ili, kenako linalo. Benedicto sankalankhula. Ankangopuma movutikira. Nthano inalibenso woikamba, ndiye Marita anaitola, misozi ikutsika.

“Gwira zolimba, Henry. Watsala pang'ono. Ponda mchenga. Wafika, mbale wanga, wafika. Pita ukapume. Usacheuke.”

Achule anasiya onse nthawi imodzi.

“Bene,” anaitana Marita. “Bene, wawoloka. Siya tsopano.”

Mawu ake anamveka chapatali, ngati sali m'chipinda.

“Ndikasiya, ine ndiwoloka bwanji?”

Marita anayesa. Anati pabwera bwato. Anati pamera mtengo. Anati anthu amanga mlatho. Palibe chinasintha. Mtsinjewo sunkamvera wina koma mwini wake, ndipo mwini wakeyo anali atalowamo.

M'mawa mwake Marita anakwera minibasi yoyamba. Anamupeza Benedicto m'kachipinda kake atakhala pansi, atatsamira khoma, miyendo atapondetsa ku mwendo wa bedi. Simenti inali yonyowa. M'ngodya munali mchenga woyera, umene pa Namitete sungaupeze pokhapokha wina akumanga nyumba. Zikhatho zake zinali zosupuka kuchokera ku chala chachikulu mpaka kumapeto, ndipo pomutsuka mabala, Marita anazulamo timaluzi ta khonje.

Sabata yomweyo aNankhoma anatumiza nkhuku yamoyo kusitolo. Anati agona mpaka dzuwa kuwapeza pamphasa, ndipo mwana wawo sanabwerenso.

Mabala anapola, koma zala za Benedicto sizitambasuka. Akamakupatsani paketi ya mbewu amaikankha ndi nkhonya. Mwezi wa Okutobala, anthu akuthawira pamthunzi, iye amakhala atavala jekete. Achipatala anamuyeza zonse, sanapeze kanthu. Marita wamupempha kangapo kuti atsegulenso Ulendo, wina akamulandire chingwecho. Iye amakana ndithu. Amati mtengo wake akuudziwa, ndipo sangaupereke kwa munthu wina.

Dayisi zawo anazitaya. Komabe Lamlungu lililonse madzulo Marita ndi Tisiyenji amamuimbira, kungocheza za mvula, za mwana, za mitengo ya zinthu ku Joni. Mbale ija siinalirenso. Koma Marita akuti kumbuyo kwa mawu a Benedicto achule amamveka, kaya ndi dzinja kaya ndi chilimwe. Ndipo akamatsanzikana, iye amazengereza kudula, nkunena motsitsa mawu, osaseka:

“Musandiiwale tsidya lino, anthu inu. Kukuzizira.”