Nkhafi Yopanda Bwato

Fletcher anatuluka pa geti ya loji imene ankagwirako ntchito mwezi utapendeka kale, mawailesi a m'magolosale a pa Senga Bay atatseka pakamwa. Uthenga unali utamupeza dzuwa likadali paliwombo. Mayi wina wogulitsa usipa anaima pakhomo la bala n'kumuuza kuti mkazi wake Rute matenda amuyamba, ndipo azimayi alowa naye m'nyumba. Fletcher anayankha kuti akubwera pompano. Pompano wakeyo ndi amene anakafika pakati pa usiku.

Chimene chinamuchedwetsa sichinali ntchito ayi. Masiku amenewo matipate anali atangolowa kumene, ndipo azungu obereka zikwama kumsana anachuluka kunyanja ngati mpheta m'munda wa mpunga. Mmodzi wa iwo anabwera ndi kabokosi ka gemu, n'kukalumikiza ku sikirini ya mu bala imene ankaonetserapo vidiyo. Gemuyo inali yoopsa, koma yopanda mfuti. Wosewera ankayendetsa kamunthu m'chisitima chachikulu cha pamadzi chimene anthu anathawamo, ndipo pambali pake pankayenda mnzake womulozera njira.

Tsono Fletcher anali ndi nthenda yake. Ku vidiyo sho anthu ankakana kukhala naye benchi imodzi, chifukwa filimu isanafike pakati iye amakhala atanena kale yemwe aphedwe. Apanso anaima kumbuyo kwa mzunguyo, thireyi ili m'manja, n'kuyamba kulosera. Anati mnzake wa kamunthuyo anafa kalekale. Mapazi ake samveka. Chitseko satsegula, amadikira mnzake atsogole. Nkhani zake n'zakale zokhazokha, ndipo aliyense wokumana nawo amalonjera munthu mmodzi. Mzungu anaseka n'kumuuza kuti adikire mapeto aone. Fletcher anadikiradi, poti kuuzidwa kuti walondola kunkamukomera kuposa chakudya. Mapeto atafika, zinali momwemo. Mzungu anamugwira chanza, n'kunena kuti opanga magemu oterewa amakuuza zonse poyambirira pomwe, koma iwe sumva chifukwa uli pa liwiro.

Chisangalalo chimenecho chinathera pa geti. Mdima utamulandira, manyazi anamugwira, mantha pambuyo pake. Rute anali ndi pathupi poyamba, ndipo mwezi wonsewo miyendo inali yotupa. Njinga inali kunyumba, tcheni chitaduka. Fletcher anapinda buluku n'kuuyamba wapansi, akudzitonthoza kuti mwana woyamba safulumira.

Iyeyu sanali wa kunyanja. Anachokera ku mapiri a ku Dedza kudzafuna ntchito, n'kukhala mkamwini kwa Maganga. Za m'madzi ankangozimva, ndipo zambiri ankaziseka. Ngakhale za apongozi ake aamuna ankangodziwa kuti anatsala m'nyanja iye asanabwere. Pakhomopo nkhaniyo sinkakambidwa, nayenso sanafunsepo.

Unali mwezi wa Okutobala, fumbi lofika mu akakolo. Njira yachidule inkasiya msewu wa tala n'kudutsa pa mathandala oyanikapo usipa, kenako minda ya chinangwa, kamlatho ka mitengo, manda, n'kufika kumudzi. Pa mathandalapo ndi pamene anaona munthu atakhala pansi, nkhafi ataigoneka pamiyendo. Anali bambo wachikulire, wamfupi, wa mapewa a msodzi.

"Mukulowera kwa Maganga?" anafunsa mkuluyo. Mawu ake anali olemera ngati a munthu wa chimfine. "Tiyendere limodzi. Njira zinasintha, ine ndasokonezeka."

Fletcher anakondwa kupeza woyenda naye. Mkuluyo anadandaula kuti phewa likumuwawa, n'kupempha kuti amunyamulire nkhafi. Mwana wolereka sakana katundu wa wamkulu. Fletcher anailandira n'kuiika paphewa. Inali yolemera modabwitsa, ndipo m'malo monunkha nsomba inkanunkha dothi lofukula kumene. Kumutu kwake kunamata dothi lofiira. Iye anangoti mwina mkuluyu amakumbira chinangwa.

Chapatsogolo anapeza a Sidiki ndi anzawo akusoka ukonde, nyali ya parafini ili pakati pawo. A Sidiki anatukula mutu.

"Fletcher, usiku wonse uno wekhawekha? Ulibe mantha iwe."

Fletcher anangoseka osaima. Nyali zimenezi zimathobwa m'maso, munthu saona patali. Anali pa liwiro.

Atalowa m'chinangwa, anafunsa mkuluyo komwe ankachokera. Anati ku chilumba cha Mbenji. Bwato lili kuti? Anati linatsala. Kenako anayamba kudzisisita m'matumba, akudandaula kuti khadi lake la chipani lanyowa, ndipo achinyamata a chipani akawaimitsa pamlatho avutika. Fletcher anaseka mpaka kutsokomola. Anamufotokozera kuti za makhadi zinatha, pano aliyense ali ndi chipani chake, wina akhoza kutukwana boma pamsika n'kukagona kwawo bwinobwino. Mkuluyo sanaseke. Anangoti, "Oo," ngati munthu amene wauzidwa za dziko la eni.

Anapitiriza ulendo. Kunali zii, ngakhale nkhululu zinali zitaleka kulira. Fletcher anafunsa mkuluyo chimene chinamuyendetsa usiku chotere.

"Ndikukatenga mwana wanga wamkazi," anatero mkuluyo. "Akuvutika, ndamumva akundiitana. Anakwatiwa ndi munthu wosasamala. Mwanayo ali pakati pa moyo ndi imfa, mwamuna ali kosewera."

Mawuwo anamulasa Fletcher, koma msanga anadziuza kuti zake n'zosiyana. Iye anali ku ntchito, ndipo si uyu akupita? Pofuna kuoneka munthu, anayamba kumudzudzula mkamwini wosadziwikayo. Anati amuna ena ndi mbuzi zenizeni, sayenera kupatsidwa mwana wa munthu.

"Ndiye mukuti ndikamutenge?"

"Kamutengeni, bambo. Ndikanakhala ine sindikanachedwa n'komwe."

"Zikomo," anatero mkuluyo, mwaulemu kwambiri. "Mawu amenewo ndi amene ndimafuna."

Anafika pa kamlatho. Kanali ka mitengo yogoneka pa khwawa louma, ndipo aliyense kumeneko ankadziwa kulira kwake. Mkuluyo anaima pambali, kudikira kuti mnzake atsogole. Fletcher anakwerapo. Mitengo inalira, kwee, kwee, mpaka tsidya. Anatsika n'kutchera khutu kuti mkulu uja awoloke.

Mitengo sinalire.

"Tiyeni," anatero mawu, pafupi ndi khutu lake.

Anali atawoloka kale! Fletcher anamva tsitsi likuimirira. Anapitiriza kuyenda. Anayesa kumvetsera mapazi. Ake okha, phwa, phwa, m'fumbi. Kumbuyo kunalibe mapazi. Kunali kanthu kena...

Tho. Tho. Tho.

Madzi. Madzi akudontha, mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe ndi dontho lomwe.

Pamenepo mutu wake uja wodziwa mapeto unayamba kugwira ntchito, mochedwa. Satsogola. Mapazi samveka. Khadi la chipani. Wekhawekha, anatero a Sidiki. Wekhawekha! Zonse zimene anawerengera mzungu madzulo omwewo, thireyi ili m'manja, zinali zikuyenda pambuyo pake.

Mitengo ya kumanda inayamba kuoneka, yakuda bii. Mpweya unazizira. Kunabwera fungo la ndere ndi matope a pansi pa nyanja. Fletcher anafuna kupemphera, koma Atate Wathu anathera pa mawu oyamba. Anadziuza kuti asacheuke. Asacheuke. Khosi linatembenuka lokha.

Mwezi unamuwalira mkuluyo kumaso. Malaya anali atamata pathupi, akuchucha. Khungu linali lotuwa, lofufuma ngati chinangwa chovuula m'madzi. M'maso... m'maso munalibe kanthu. Maenje awiri basi. Atatsegula pakamwa, madzi anayamba kutuluka.

"Tsogolani, apongozi. Mwavomera kale."

Apongozi!

Fletcher anakuwa, koma mawu sanatuluke. Analiyatsa liwiro. Manda anadutsa ngati mphepo. Minga, zitsa, maenje, sanazimve. Nsapato imodzi inavuka. Anagwa, n'kudzuka. Anagwanso. Kumbuyo... tho, tho, tho. Osafulumira, osatsalira. Anakhotera ku dambo la mpunga kuti asocheretse chinthucho, n'kuzungulira kuseri kwa tchalitchi. Anaima. Anamvetsera.

Zii.

Anathamanganso mpaka anaona kuwala kwa koloboyi pakhonde la nyumba yake. Azimayi anali atakhala pamphasa panja. Ndipo asanafike n'komwe, anamva kulira kwa khanda, kwamphamvu, kokwiya. Anaseka, misozi ikutsika. Wafika, wapulumuka, ndipo mwana wabadwa.

Amayi ake a Rute anatuluka m'nyumba akupukuta manja pa chitenje. Mwa mwambo, iwo ndi mkamwini wawo sankayang'anana kumaso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Anaima chammbali, nkhope atalozetsa kukhoma, n'kunena motsitsa kuti kwabwera mwana wamwamuna, ndipo Rute watopa kwambiri koma ali bwino, wamwa phala.

Kenaka mayiwo anaona chithunzithunzi pakhomapo, cha munthu ndi chinthu chachitali paphewa. Anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo, anamuyang'ana Fletcher m'maso.

"Mwaitenga kuti?"

Fletcher anayang'ana paphewa pake. Nkhafi! Liwiro lonse lija, kugwa konse kuja, dzanja linali litaifumbata osaitaya. Anayesa kufotokoza za mkulu wa pa mathandala, koma mawu ankangogundana m'kamwa. Mayiwo anatenga koloboyi n'kuunika. Pa chigwiriro panali mtanda wowotcha ndi chitsulo. Kumutu, pansi pa dothi lofiira lija, panali chigamba cha chitini chokhomera ndi timisomali.

"Chigamba ichi ndinagwirizira ndine akukhoma," anatero. "Iyi ndi nkhafi ya a Yesaya, bambo ake a Rute."

Azimayi a pamphasa anaimirira n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Mayiwo anapitiriza, mawu akuduka. A Yesaya anamira pochokera ku Mbenji, nthawi ya makhadi, Rute asanathe msinkhu. Mwera unagubuduza bwato. Anthu anafufuza gombe lonse, koma thupi silinapezeke. Chimene nyanja inabweza ndi nkhafi yokhayo, ndipo ndi imene anaikulunga m'nsalu n'kuiika m'manda m'malo mwa mwiniwake. Maliro atatha, akuluakulu anawauza kuti aphwasule nyumba ya kugombe asamukire kumtunda kuno, chifukwa munthu wotsala m'madzi sagona, amafunafuna kwawo. Yekha njira sangaipeze. Amatsata nkhafi yake, ndipo pakhomo salowa ngati mwini nyumba sanavomere.

"Tsono inu simunawavomere kanthu, eti?" anafunsa mayiwo. "Apongozi, ndiyankheni. Anakupemphani chiyani?"

Fletcher anatsegula pakamwa. Nkhafi inagwa pansi.

Tho.

Onse anamva. Phokosolo linachokera pakhomo la nyumba.

Tho... tho...

Lawi la koloboyi linafupika, n'kusanduka lobiriwira. Nsalu yotchinga pakhomo inagwedezeka, kunja kulibe mphepo. Fletcher anafuna kudumpha kuti atseke njira, kuti akuwe kuti wabweza mawu ake, kuti mbuzi ija ndi iyeyo ndipo wafika. Miyendo inakana.

M'nyumbamo khanda linasiya kulira. Kunamveka mawu a Rute, ofooka koma okondwa, ngati a kamtsikana kolandira munthu wochokera ku ulendo.

"Ababa..."

Kenako mzamba amene anali m'katimo anaitana dzina la Rute. Anaitananso, mokweza. Kachitatu sanaitane, anayamba kulira maliro.

Kutacha, anthu obwera pa zovutazo anapeza Fletcher atakhala pakhonde, khanda lili m'manja, akuyang'ana pansi. Nkhafi ija panalibe. Pa fumbi la pabwalo panali mapazi onyowa amene dzuwa linalephera kuumitsa. Obwera anali a munthu mmodzi, aakulu, otsata ndendende m'mene Fletcher anaponda, mpaka mokhota monse mwa kudambo ndi kuseri kwa tchalitchi. Obwerera anali a anthu awiri, aakulu ndi aang'ono, moyandikana, kulowera kunyanja.