Atatu Okoma, Asanu Ozizira

Tsiku loyamba limene Lumo analowa m'situdiyo, anapeza Dayirekita atakhala pansi, nsapato atavula, akuonera kanema wozimitsa mawu. Lumo silinali dzina lake lobadwa nalo. Anamupatsa ndi anzake a kusukulu ya zamafilimu, chifukwa ntchito yake inali yodula ndi kulumikiza zithunzi pakompyuta, ndipo gawo likakhala losafunika ankalidula osaphethira n'komwe.

Dayirekita ankadziwika ndi aliyense. Anali atapanga mafilimu asanu ndi atatu, koma ntchito yake inali ngati mvula ya chaka choipa: pena igwa yokhutitsa, pena ingoopseza ndi mabingu. Atatu anali okoma moti abambo andevu zawo ankatuluka m'holo akunamizira chimfine. Asanu enawo, tisanamizane, anali ozizira. Mu ija ya mizukwa maikolofoni inkalendewera pamwamba pa mutu wa mzukwa, ndipo mu ija ya akuba, galimoto inkalowa m'kanjira ili yoyera n'kutulukira mbali ina ili yofiira.

Dayirekita atamufunsa kuti pa mafilimu akewo amakonda iti, Lumo sanabise mawu. Anati atatu aja ndi golide, koma enawo akanakhala m'manja mwake akanawadula pakati n'kutaya theka. Mlembi wa muofesimo anagwira pakamwa. Dayirekita anaseka mpaka kutsokomola, kenako anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndakhala ndikukufunafuna zaka zinayi," anatero motsitsa mawu.

Ndi mtsikana uti amene mtima wake sukanadumpha? Lumo analembedwa ntchito tsiku lomwelo kuti akonze filimu yachisanu ndi chinayi. Anamupatsa kachipinda kopanda zenera, makompyuta awiri, ndi mpando wotsimphina mwendo umodzi.

Mwezi usanathe, mauthenga a Dayirekita anayamba kugwa pafoni ngati matalala.

"Wadzuka bwanji, kuwala kwa maso anga? Popanda iwe ndine kamera yopanda batire."

Lumo ankaseka yekha m'basi, anthu n'kumamuyang'ana. Masana Dayirekita ankabwera ndi tiyi m'makapu awiri, n'kukhala kumbuyo kwake, akumuuza kuti zala zake zimaona zimene maso a anthu ena saona. Madzulo ena akumuperekeza pokwerera basi, anamugwira dzanja n'kulumbira.

"Filimu ino ikangotuluka, ndikupita kwa makolo ako. Sindikufunanso wina, njiwa yanga."

Mkulu wake wa Lumo, amene ankaluka tsitsi ku saluni ndipo nkhani za amuna ankazimva tsiku lililonse, sanatekeseke nazo. Anangoti galu wamkota sakandira pachabe, n'kupitiriza kupesa. Lumo anamuyankha kuti imeneyo ndi nsanje chabe. Sankadziwa kuti nsanje yeniyeni inali isanafike, ndipo ikubwera kwa iye mwini.

Inafika itavala magalasi akuda. Anthu ankamutcha Mfumukazi, katswiri wa zisudzo amene nkhope yake inali pazikwangwani za m'misewu. Dayirekita anamuitana kuti adzasewere gawo lalikulu m'filimu yatsopanoyi, ndipo a pawailesi anasangalala. Wina anafika ponena kuti tsopano filimu ikoma, chifukwa Dayirekita amangodzuka kutulo pakakhala Mfumukazi.

Mawu amenewo anamulowa Lumo ngati munga. Loweruka lotsatira anadzitsekera m'kachipinda kake n'kuoneranso mafilimu atatu okoma aja. Yoyamba, Mfumukazi. Yachiwiri, Mfumukazi. Yachitatu, Mfumukazi yemweyo! Anayamba kuwerenga masekondi amene kamera inkakhala pankhope yake. Penapake inakhala masekondi makumi anayi osasuntha. Kodi mwamuna angayang'ane nkhope ya mkazi nthawi yonseyo mtima uli zii?

Tsoka lake linali lakuti ntchito yake inali yoyang'ana nkhope yomweyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ankaikulitsa pakompyuta kufunafuna makwinya, ndipo akapeza limodzi ankasangalala ngati watola kanthu. Choipitsitsa chinali mawu a Dayirekita amene ankamveka kuseri kwa kamera, asanadulidwe: ankamuuza Mfumukazi kuti abwereze, kuti waposa dzulo, kuti palibe wina angalire choncho. Lumo ankabwezera pamenepo kakhumi, akudzibaya yekha.

Anayamba kuzonda. Foni ya Dayirekita ikalira, khutu lake linkaima. Akamva fungo la mafuta onunkhira mukhonde, chakudya chinkamukanika. Atafunsa mozungulira, Dayirekita anangomupsompsona pachipumi n'kumuuza kuti asamadzivute ndi nkhani zakale. Nkhani zakale? Ndiye kuti zinalipo!

M'filimuyo munali gawo limodzi limene aliyense ankati ndilo mtima wake. Mayi akubweza makiyi a nyumba imene analerera ana ake, ndipo asanatuluke akuima pakhomo, milomo ikunjenjemera, osalankhula kanthu. Mfumukazi anasewera gawolo moti ngakhale Lumo, ndi mkwiyo wake wonse, anagwetsa msozi. Kenako anapukuta msoziwo n'kugwira ntchito yake. Anachotsa nkhope yonse, n'kusiya msana, chitseko ndi dzanja lokha. Ankadziwa kuti wapha gawolo, koma tsiku limenelo anadya bwino koyamba m'masabata atatu.

Lachitatu masana kunamveka kugogoda. Anali Mfumukazi, atabwera kudzajambulitsanso mawu ena amene sanamveke bwino, ndipo anapempha kuti aone gawo la makiyi lija. Lumo analibe pothawira. Analiyatsa, iye n'kuyang'ana pansi.

Litatha, Mfumukazi anavula magalasi. Pomuonera pafupi, anali mayi wotopa, wa imvi ziwiri zitatu, wonunkhira mankhwala opaka m'mawondo. Sanakalipe. Anakoka mpando n'kukhala.

"Mng'ono wanga, wakulonjeza kuti filimu ikatuluka apita kwanu?"

Lumo anadzutsa mutu. Anafuna kukana, koma Mfumukazi sanadikire yankho.

"Ndinadziwa nditangoona msana wangawo," anatero Mfumukazi. "Wodula amene ali bwinobwino sangataye nkhope ija. Koma walakwitsa mdani. Bambo amene uja sanandifunsirepo ngakhale tsiku limodzi."

Lumo anayankha mwaukali kuti aliyense akudziwa kuti mafilimu okoma ndi amene muli iwowo. Mfumukazi anaseka, n'kumufunsa ngati anaonetsetsa mzukwa uja wa maikolofoni pamutu. Mzukwawo anali iye, atapakidwa ufa nkhope yonse. Mu ija ya galimoto yosintha mtundu analinso momwemo, ali mkazi wa wapolisi. Anthu anangosankha kuiwala, ndipo iye sankawakumbutsa.

"Iwe umayang'ana nkhope zathu. Filimu ikatha usamazimitse msanga. Werenga maina othamanga kumapeto aja."

Lumo anatsegula mafilimu onse asanu ndi atatu, n'kuthamangitsira kumapeto. Pa asanu ozizira aja, pamalo pa wodula zithunzi panali dzina la Dayirekita mwini wake, pena la mlamu wake. Pa atatu okoma aja panali maina atatu osiyana, onse a akazi.

Mfumukazi anamufotokozera pang'onopang'ono, ngati namwino wotsuka bala. Anati Dayirekita amadziwa kujambula koma sadziwa kusankha. Amabwera ndi mulu wa zithunzi zosokonekera, zabwino ndi zoipa pamodzi, ndipo wantchito wamba ikakwana nthawi yoweruka amanyamula chikwama n'kumapita. Ndi munthu wogwa m'chikondi yekha amene angataye Loweruka ndi Lamlungu akupeta mulu umenewo kufuna kambewu kamodzi. Woyamba anadikira chaka chathunthu filimu itatuluka, lero amasoka makatani ndipo safuna kumva za kanema. Wachiwiri anafika pouza abale ake tsiku loti Dayirekita abwera kwawo. Wachitatu anamva pawailesi kuti Dayirekita wati ntchito yonse anaigwira yekha.

"Onsewo ndinawaona akukhala pampando wotsimphinawo," anatero Mfumukazi akuimirira. "Ndinakhala chete katatu, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Chaona mnzako chapita, mng'ono wanga."

Atatsala yekha, Lumo anayembekezera kuti nsanje imuchoka. Koma ayi, inangosamuka nyumba. Tsopano ankachitira nsanje akazi atatu amene sanawaonepo. Kodi nawonso ankawabweretsera tiyi m'makapu omwewo? Kodi ankawalembera mauthenga okoma kuposa ake? Ndipo pansi pa zonsezo panali kachiyembekezo kouma mutu, kakumunong'oneza kuti mwina iye ndi wosiyana, mwina pa iye Dayirekita wakondadi.

Choyamba anabwezeretsa nkhope ya Mfumukazi pakhomo paja, masekondi onse, chifukwa manyazi anali atamugwira. Kenako anasamba kumaso n'kupita ku ofesi ya Dayirekita. Anamupeza akusankha chithunzi choika pachikwangwani, ndipo atamuona anatambasula manja n'kumuitana ndi maina onse okoma aja. Lumo sanasunthe pakhomo.

"Ndabwera kudzakuuzani kuti filimuyi sindiimaliza. Mupeze wina. Koma za ife awiri sindinasinthe maganizo, ndimakukondani. Tiyeni kwathu Loweruka lino, osadikira filimu."

Mumtima ankapemphera. Akanangomufunsa kuti chavuta n'chiyani, akanangopsa mtima, akanangoti Loweruka layandikira kwambiri tiyeni Loweruka linalo, Lumo akanabwerera kukachipinda kuja n'kugwira ntchito mpaka maso kutupa.

Manja a Dayirekita anatsika pang'onopang'ono. Kumwetulira kuja kunazima, ndipo nkhope imene inatsala Lumo anali asanaionepo. Inali ya munthu amene akuwerengera masiku m'mutu.

"Wafika gawo liti?" anafunsa.

"Latsala lomaliza."

"Munthu wina angalimalize m'masabata angati?"

Lumo anadikira funso lachitatu, lija lokhudza iye. Anadikira mpaka anamva wotchi ya pakhoma ikugunda. Dayirekita anali atatsegula kale kabuku kake ka manambala a foni, chala chikutsetsereka pamasamba.

Lumo anatuluka osatseka chitseko. Misozi anaigwira mukhonde monse, anaigwira pamasitepe, koma atafika pokwerera basi inamugonjetsa. Mayi wina wogulitsa zipatso anamupatsa kansalu osamufunsa kanthu. Lumo anaimbira mkulu wake, ndipo mkulu wakeyo, amene anali ndi ufulu wonse wonena kuti ndinakuuza, anangoti abwere ku saluni, amudikira.

Basi itangonyamuka, foni inanjenjemera m'chikwama. Anali Dayirekita. Mtima wopusawo unadumphanso! Mwina wazindikira, mwina akuthamangira basiyi, mwina akuti Loweruka apita. Lumo anapukuta maso kuti aone bwino, n'kutsegula uthengawo.

"Wokondedwa wanga, usanapite kutali, unditumizire pasiwedi ya kompyuta ija."