Mpopi Wotsegula M'nyumba ya Mphenzi

Madzi ndi amene anaulula maliro. Cha m'ma 3 koloko masana anayamba kudontha kudenga kwa telala wa m'chipinda cham'munsi. Telala anakwera masitepe akutukwana, n'kupeza chitseko cha nyumba yapamwamba chili chotsegula. Mwini nyumba, wolemba mabuku, anali atagwa chafufumimba pafupi ndi desiki, kunkhongo kutaphwanyidwa ndi chikho chamkuwa chimene anapatsidwa ngati mphotho. Kubafa mpopi unali kukhuthula madzi ndi mphamvu yonse, sinki itasefukira.

Wapolisi wofufuza milandu, amene anzake ankamutcha Chidule chifukwa sankataya mawu, analowa nsapato zili m'manja. Mitembo anali ataiona yambiri, koma apa anavula chipewa. Mabuku khoma lonse, mpaka kudenga! Womwalirayonso sanali munthu wamba. Pa unyamata wake ankatchedwa Mphenzi. Timapepala take tinkatulutsa antchito m'mafakitale, ndipo anagona ndende chifukwa cholemba kuti chuma cha olemera chigawidwe. Imvi zitabwera, munthu anatembenuka. Tsopano ankaima pansanja kuteteza eni makampani, kunyoza sitiraka, kunena kuti ana a masiku ano akusowa chikoti ndi pemphero. Chidule mwiniyo anawerengapo Mphenzi wakale uja mobisa ali pasukulu, thupi likuchita tsembwe.

Akuluakulu a polisi ankafuna mlandu uthe msanga. Anagwira mtsikana wa ku yunivesite amene dzulo lake anagenda mlembiyo ndi mazira pamsonkhano, akukuwa kuti anagulitsa anzake. M'chipinda chofunsiramo mafunso mtsikanayo anavomera za mazira, anavomeranso kuti analemba pa intaneti kuti bola atafa, koma analumbira kuti kunyumba kwake sakudziwako n'komwe. Mboni analibe. Lolemba ankayenera kukaonekera kukhoti pa mlandu wakupha. Chidule anamuyang'ana ndipo mtima unamuwawa. Uyu ndi wa mazira basi.

Chimene chinkamusowetsa mtendere ndi mpopi uja. Pasinki panalibe magazi, ndipo sopo pashelefu anali wouma. Ndiye munthu anautsegula kuti atani? Anakafunsa mkazi wa malemu. Mayiwo anayamba anena kuti amuna awo sankalola ngakhale dontho kutayika. Kenako anakumbukira zakale. Anafotokoza kuti m'masiku amene ankalemba timapepala tija mobisa, Mphenzi ndi anzake akafuna kukamba zachinsinsi ankayamba atsegula mpopi, kuti timakina tomvetsera timene akazitape ankabisa m'makoma tizingomva phokoso la madzi. Amuna awo anasiya kalekale khalidwelo, ankachita kuliseka. Mwa anzawo onse aja wamoyo anatsala mmodzi, amene ankasindikiza timapepalato, wotchedwa Inki.

M'mawa mwake Chidule anapeza a Inki mushopu yawo kuseri kwa msika, mkulu wowonda, zala zakuda. Wapolisi asanakhale n'komwe pampando, mkuluyo anadzuka, anapita pakona, n'kutsegula mpopi. Anaima. Anayang'ana dzanja lawo, anayang'ana mlendo, anaseka pang'ono, n'kutseka madzi.

"Mwabwera bwino, bwana," anatero. "Mwana uja mukamutulutse."

Sanavute ayi. Anati kwa Mphenzi anapita kukacheza, za kupha analibe nazo maganizo. Kutembenuka kwa mnzawoyo sikunawapweteke kwenikweni, munthu amasintha. Koma a Inki anali ndi mng'ono wawo, amene anawomberedwa pageti la fakitale tsiku la sitiraka yaikulu, ali ndi kapepala ka Mphenzi m'manja. Kapepala kamene a Inki anasindikiza okha, n'kumupatsa okha.

Atafika pamenepo mkuluyo anawongola msana, n'kuyamba kukalakatula kapepalako pamtima. "Manja amene anamanga nyumbayi agona panja. Mawa tidzagogoda, ndipo sitidzapempha." Anapitiriza mpaka kumapeto osaphonya. Mawu amenewo, abale! Mushopu monse munachita ngati mwadzaza khamu la anthu. Chidule, munthu wokalambira pantchito, anangozindikira kuti nayenso waimirira. Anamvetsa tsopano chimene chinaimika mnyamata uja kutsogolo kwa mfuti, ndipo anachita mantha.

"Nanga munawapheranji, madala?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndinali ndi funso limodzi lokha, ndakhala nalo moyo wanga wonse. Ndinati, 'Achimwene, nthawi ija munkalemba zimenezi, munkazikhulupirira?' Akanati eya, ndikanabwerera kwathu. Akanati ndinalakwitsa, ndikanabwereranso kwathu."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anaseka, n'kundigwira paphewa. Anati, 'Iwe Inki, za kukhulupirirazo zisiye. Koma ndinalemba bwino, eti?' Atatembenuka kuti akhale pansi, chikho chija chinali kale m'manja mwanga."

A Inki anatambasula manja awo onse awiri kuti awamange unyolo. Misozi inali kutsika, koma mawu sananjenjemere.

"Ndipo sananame, bwana. Analemba bwino."