Wobisala Kuseri kwa Nsalu

Banja la dalaivala wa minibasi ndi mayi wosoka zovala linkasiririka. M'mawa bamboyo ankasiya mkazi wake pakhomo pa shopu, madzulo n'kudzaimitsa minibasi yodzaza pomwepo kuti amutenge, okwera akudandaula, iye akungoseka.

Ndi dalaivala yemweyo amene anabweretsa Mlendo. Anamupeza kudepoti akusenza katundu wa anthu. Anali wothawa nkhondo kwawo, ndipo pempho lake loti akhale m'dzikomo linali lisanayankhidwe. Atamva kuti ndi telala, dalaivala anamutengera kushopu.

"Mayi a mwana, munthuyu luso ali nalo, koma chilolezo chogwirira ntchito sichinatuluke," anatero. "Azisokera kuchipinda chakumbuyo. Wina akagogoda mwamphamvu, azilowa kuseri kwa nsalu zopachika zija, mwina angakhale a boma."

Mlendo anagwira ntchito modzipereka. Masuti ake ankakhala bwino ngakhale pa anthu a mimba zazikulu, ndipo makasitomala anachuluka. Masana mayiyo ankamupititsira tiyi, n'kumamuphunzitsa chilankhulo cha kuno chitseko chili chotseka. Mlendo akaphonya mawu ankaseka onse awiri. Kusekako kunkamveka kusaluni yoyandikana nayo, ndipo nkhani ikalowa m'saluni sichedwa kufika kudepoti.

"Aise, uli ndi mtima wabwino," madalaivala anzake anayamba kumunena. "Kumupezera mkazi wako wothandiza, n'kuwapatsanso chipinda."

Iye anaseka nawo, koma mawuwo anamulowa. Nsanje ndi matenda ochititsa manyazi, chifukwa imachititsa munthu kudana ndi chabwino chimene anachita yekha. Anasiya kuseka panjira. Tsiku lina mkazi wake atavala diresi latsopano, bamboyo analiyang'ana nthawi yaitali.

"Anakuyezani ndani kuti likugwireni chonchi?"

"Ndinadziyeza ndekha. Kodi ndayamba lero kusoka?"

"Nanga chitseko chija mumatsekeranji?"

"Munanena ndinu kuti chizikhala chotseka. Bambo a mwana, munthu uja ali ndi mkazi ndi ana. Muzichita manyazi."

"Manyazi muchite ndinu. Ndasanduka choseketsa kudepoti konse."

Mayiyo analira. Akanatha kumuchotsa ntchito Mlendo kuti banja lipume, koma ankadziwa kuti ana a munthuyo amadya chifukwa cha makina aja, ndipo chifundo chinamugwira.

Masana ena dalaivala anasiya minibasi pamzere n'kupita kushopu wapansi. Mkazi wake anali kuchipinda chakumbuyo akusita suti. Bamboyo anamenya chitseko ndi chibakera. Mlendo anachita zimene anaphunzitsidwa. Mayiyo atatsegula, mwamuna wake anaona mpando wopanda munthu, nsapato zili pansi pa makina poti Mlendo ankapalasa makinawo wopanda nsapato, ndi zala za kumapazi zikuonekera pansi pa nsalu.

"Ngati palibe mlandu, akubisaliranji?"

"Mwagogoda ngati apolisi. Si inu munamuuza?"

Bamboyo sanamve. Anatola sizasi yodulira nsalu patebulo n'kubaya nsalu yopachikayo mobwerezabwereza, mkazi wake akumukoka malaya. Mlendo anagwa atakulungika m'nsalumo, ndipo anamwalira asanafike kuchipatala.

M'khoti anthu a kusaluni ndi a kudepoti anaitanidwa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo choipa. Aliyense ankati anangomva. Dalaivala atafunsidwa kuti ndani anauza malemuyo kuti azibisala, anayankha motsitsa mawu kuti ndi iye yemwe, moti woweruza anachita kumuuza kuti abwereze. Anapezeka wolakwa pa mlandu wakupha ndipo analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Mkazi wake sanadzutse nkhope.

Apolisi akumutulutsa, mkazi wa Mlendo anaimirira atagwira ana ake padzanja, n'kulankhula kudzera mwa womasulira.

"Kwathu tinathawa anthu odana nafe. Kuno mwamuna wanga ankauza ana kuti akakumana ndi vuto athamangire kwa inu, poti inu ndiye m'bale wathu. Ndiwauze kuti azithamangira kwa ndani?"

Kumulandira munthu pakhomo n'kosavuta, chovuta n'kupitiriza kumukhulupirira anthu akayamba kulankhula, ndipo apa m'pamene dalaivalayo analephera. Mpaka lero m'ndendemo, akaidi anzake akamufunsa kuti anapha ndani, amatembenukira kukhoma.