Munabadwa Nthawi Yanji?

Amuna ena amayamba ndi kufunsa dzina, ena nambala ya foni. Uyu, m'mawa umenewo pa siteji ya basi, anabwera ndi funso lachilendo.

"Pepani achemwali, munabadwa nthawi yanji?"

Mtsikanayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kwawo ankamutchula Kamoto, ndipo dzinali sanalitole pamsewu ayi. Pakamwa pake panali pakuthwa kuposa sizasi yomwe ankadulira nsalu kushopu yake yosokera zovala.

"Ndinu a kalembera?" anafunsa Kamoto.

Mnyamatayo anaseka. Anati amakonza mafoni m'kashopu ka kuseri kwa msika, ndipo anzake amamuitana Injiniya. Basi inachedwa, choncho anapeza mpata wolalikira.

"Anthu ambiri amangodziwa nyenyezi ya mwezi womwe anabadwa. Koma pali china chachikulu, chizindikiro chotuluka. Pa mphindi yomwe inu mumabadwa, kum'mawa kunkatuluka gulu lina la nyenyezi. Limenelo ndilo nkhope yomwe mumaonetsa anthu, ndipo limaulula munthu woyenerana nanu. Limasintha pafupifupi maola awiri alionse, n'chifukwa chake ndafunsa nthawi."

Kamoto, yemwe sankapatsa mwamuna ngakhale mphindi ziwiri, anapezeka akuimbira mayi ake pomwepo.

"Sikisi koloko," anayankha mayi ake. "Bwanji, ukufuna kubwerera?"

Injiniya anafunsanso mwezi womwe anabadwa, anadinadina foni yake, kenako n'kugwira pamtima.

"Sikisi ya m'mawa, mu Okutobala. Ndinu Libra, chizindikiro cha sikelo. Munthu wofatsa, wamtendere, wodana ndi mikangano. Ine ndinabadwa naini koloko ndendende m'mawa. Achemwali, nyenyezi zathu zagwirana manja."

Wofatsa? Kamoto ameneyu? Azichimwene ake akanamva akanafa ndi phwete. Koma chibadwireni palibe amene anamunenapo kuti ndi wamtendere, ndipo mawuwo anamukomera kwambiri. Basi itafika, nambala anali atapereka kale.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula.

"Sikelo wanga, wadzuka bwanji? Dzuwa lachedwa kutuluka lero, limadikira uyambe wamwetulira."

"Uchi wanga, ndakonza mafoni asanu ndi awiri, koma mtima wanga wakanika. Umangoyaka ukamva dzina lako."

Lonjezo nalo silinachedwe: "Chaka chino chisanathe ndikuveka mphete. Zinalembedwa kumwamba, ine ndine yani kuti ndikane?"

Kamoto anamukonda mnyamatayo, sitingabise. Anamusokera mashati atatu, iliyonse ili ndi kansalu ka nambala ya shopu yake pa kolala. Koposa zonse, anaphunzira kumeza mkwiyo. Injiniya akachedwa maola awiri, kapena foni yake ikazima Lamlungu lonse, moto unkayamba kulilima pachifuwa. Koma mnyamatayo ankangomusisita patsaya.

"Libra sakwiya, wokondedwa."

Kamoto ankameza, n'kumwetulira.

Itatha miyezi isanu ndi itatu, anafunsa funso lomwe mtsikana aliyense amafunsa.

"Kodi ukawaona liti amayi anga?"

"Tsiku lotere silisankhidwa mwachisawawa," anatero Injiniya. "Unditumizire khadi lako lakuchipatala ndione mphindi yeniyeni, ndiwerengetse tsiku labwino."

Mayi ake anafukula khadilo pansi pa sutikesi, litachita chikasu ndi ukalamba. Kamoto analiwerenga, n'kuliwerenganso. Panalembedwa 18:05.

"Amayi, iyi si sikisi ya madzulo?"

"Nanga ine ndinati ya m'mawa? Unandizunza tsiku lonse iwe, unachita kutuluka dzuwa likulowa."

Kamoto anaseka, anajambula khadilo n'kutumiza. Mawa lake masana Injiniya anafika kushopu, nkhope ili ngati wabwera kudzanena maliro. Sanakhale n'komwe pansi.

"Zonse zasintha," anatero. "Sikisi ya madzulo ndi Aries, nkhosa yogunda. Munthu waukali, wosamva za mnzake. Ndi chizindikiro changa sizingayende. Ndakhala ndikukonda munthu yemwe kulibe."

"Miyezi yonseyi ndakugunda kangati?"

"Ndiye kuti umabisa. Zimenezo ndiye zoopsa kwambiri."

Taonani mwano wake! Akwiye, ndi nkhosa. Afatse, ndi wachinyengo. Nanga munthu alowere kuti? Injiniya anatuluka atavala shati yomwe Kamoto anasoka ndi manja ake, osacheuka.

Kamoto analira milungu iwiri. Chomwe chinkamupweteka kwambiri si kusiyidwako, koma maganizo akuti mwina mnyamatayo akunena zoona. Ukali anali nawodi. Kodi ndiye kuti anabadwa molakwika? Kodi aliyense amene adzamukonde adzathawa akadzaona nkhosayo?

Mkwiyo wosowa kopita unagwera mayi ake.

"Mukanangopirira mpaka m'mawa, bwenzi pano ndili ndi mphete."

Mayi ake anaika kapu ya tiyi patebulo pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, ukadzakhala pa bedi limenelo udzapirire wekha mpaka m'mawa."

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kulankhulana.

Lachiwiri lina masana, kushopu kunalowa mayi wina wochezeka atanyamula nsalu yobiriwira.

"Nambala yanu ndaipeza pa kolala ya shati ya mchimwene wanga wamng'ono, wokonza mafoni uja," anatero. "Ndinamufunsa amene anasoka, akuti ndi telala wina wake basi. Ndikufuna diresi mwachangu. Loweruka likubwerali akuveka mphete bwenzi lake."

Telala wina wake basi! Kamoto anatenga tepi n'kuyamba kuyeza mapewa a mayiyo.

"Adziwana liti?"

"Chaka ndi theka tsopano. Ndi namwino, mtsikana wabwino. Akuti nyenyezi zawo zagwirana manja."

Chaka ndi theka. Kamoto anawerenga mumtima, n'kuona kuti miyezi yake isanu ndi itatu yonse inali mkati mwa chibwenzi cha wina.

"Paja mchimwene wanuyo anabadwa naini koloko m'mawa," anatero Kamoto.

Mayiyo anaseka mpaka tepi inagwa pansi.

"Wakuuzani choncho? Kwa mlamu wathuyu anati thwelofu koloko masana. Mwana ameneyo anabadwira m'galimoto panjira yopita kuchipatala, ine ndili pomwepo ndi zaka khumi. Galimoto inafa, tinakhala panjira mpaka kalekale, ndipo palibe anali ndi wotchi. Pa khadi lake, pamalo pa nthawi palibe chinalembedwa."

Atakweza maso n'kuona nkhope ya Kamoto, kuseka kunatha.

"Achemwali, inu si telala wina wake basi, eti?"

Kamoto anabweza nsaluyo mwaulemu, anatseka shopu, n'kulunjika kuseri kwa msika. Njira yonse ankangowira. Munthu wosadziwa ola lake lobadwa, n'kumaweruza anzake ndi mphindi! Ankangosankha nthawi yogwirizana ndi mtsikana yemwe wamufuna, ndipo akatopa naye ankaitana nyenyezi kuti zimuchotsere.

Anamupeza Injiniya ataweramira foni yotsegula, makasitomala atatu akudikira pabenchi. Pambali pake panakhala mtsikana wovala yunifolomu yoyera, akumusungira chakudya chamasana.

"Sikelo," anatero Injiniya, akudzuka mofulumira. "Tiye tikalankhulire panja."

"Tilankhulira pompano. Ine unandiuza kuti unabadwa naini koloko. Awa unawauza thwelofu. Achemwali ako akuti palibe anali ndi wotchi. Unabadwa kangati iwe?"

Namwino uja anatembenuka kumuyang'ana Injiniya.

"Awa ndi ndani?"

"Ndi telala wina..."

"Telala wa miyezi isanu ndi itatu," anamudula Kamoto. "Mauthenga ndili nawo onse, achemwali, ndi lonjezo la mphete lomwe. Mukafuna muwerenge, mwina mupeza kuti ndi omwewo amakutumizirani inu."

Namwinoyo anatambasula dzanja, Kamoto n'kumupatsa foni. Anayamba kuwerenga mwakachetechete.

"Dzuwa limadikira uyambe wamwetulira," anawerenga mokweza. "Tsiku lomwelo, ola lomwelo ndi wanga."

Bambo wina pabenchi anatsokomola, n'kupempha kuti amubwezere foni yake yosakonzayo.

"Wokondedwa, imeneyi ndi nkhosa yogunda," Injiniya anayesa kumunyengerera namwinoyo. "Ukuona ukali wake?"

"Eya, uwone bwinobwino," anatero Kamoto. "Ukanangonena kuti uli ndi wina, ndikanalira mlungu umodzi n'kukuiwala. Koma iwe unafuna uchoke uli woyera, mlandu n'kuusiya pa kubadwa kwanga. Ndinadzida ndekha chifukwa cha iwe. Ndinanyoza amayi anga chifukwa cha ola lomwe anavutika nane. Chimenecho sindidzakukhululukira."

Namwino uja anabweza foni kwa Kamoto, ananyamula chikwama chake ndi chakudya chomwe, n'kutuluka osatsanzika. Injiniya anathamangira pakhomo, koma sanadziwe woti amuitane.

Kamoto anayenda mpaka pakona. Mtima unkawawabe, chifukwa chikondi sichitha tsiku lomwe wadziwa zoona. Anaima pansi pa khonde la sitolo ina n'kuimba foni. Inalira kanayi.

"Halo?"

"Amayi, ndine. Mundikhululukire." Misozi inatsika. "Munandibereka nthawi yabwino."

Mayi ake anapumira m'mwamba.

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ndinalipo."