Madigiri Anayi Pamlatho wa Njanji

"Dzina langa musavutike nalo, aliyense amangoti a Mwanapiye," anatero tsiku loyamba, bambo wamtali woti polowa m'galaja mwathu anachita kuwerama. Chimene ankafuna chinali chaching'ono. Nambala ya padashibodi ya pikapu yawo, yoonetsa mmene kunja kwatenthera kapena kuzizirira, inkanama.

Kwa ena nambalayo ndi yongokongoletsa. Koma iwo ankanyamula anapiye a tsiku limodzi, dzuwa likalowa, kuti asafe ndi kutentha. Nambala ikatsika, ankaima n'kufunditsa makatoni. Usiku wina inaonetsa madigiri anayi kunja kukutentha. Anafunditsa, anapiye makumi atatu n'kubanika.

Ine ndimakonza za mawaya pagalaja ya amalume anga. Ulendo woyamba ndinatsuka pulagi ya sensa, kachipangizo kangati chala cha mwana kamene kamakhala kuseri kwa bampala. Inali ndi dzimbiri. Ulendo wachiwiri ndinaika sensa yatsopano. Pikapu ija italowa kachitatu, Lachisanu madzulo, amalume sanakalipe. Anangopukuta m'manja ndi kansanza.

"Mwanawe, ikabwera kachinayi ubwerera kukauntala, uzikagulitsa mababu. Anthu ayamba kutiseka."

Pakauntalapo ndinakhalapo zaka ziwiri asanandilole kugwira sipanala. Ine mawu amandifikira anthu atapita kale.

Onse anaweruka. Ndinatsala ndi tochi, mita yoyezera magetsi, ndi msana wowawa. Ndinatsata waya kuchokera kubampala mpaka kudashibodi, kufufuza pamene pasupuka kapena pamene khoswe wadya. Panalibe. Magetsi papulagi ankafika bwinobwino. Sensa ndinaiviika m'kapu ya madzi a m'furiji, nambala inatsika. Ndinaifumbata, inakwera. Chinthucho chinali chamoyo ndithu.

A Mwanapiye anakhala patayala lakutha, osandifulumizitsa. Tochi yanga itayamba kufooka, anadzuka n'kumandiunikira ndi foni yawo.

"Pano siingakuonetseni khalidwe lake, amisiri. Imachitira malo amodzi. Mukangodutsa mlatho wa njanji, mpaka pathanki ya madzi."

Ndinaganiza za mabampu. Waya wosagwira bwino ukagwedezeka umanamiza. Choncho ndinalumikiza waya wautali, ndinaulowetsa pawindo, kuti sensa ndiyende nayo m'manja. Nambala ikatsika sensa ili m'dzanja langa lofunda, ndiye kuti vuto lili panjira ya waya kapena m'dashibodi.

Tinanyamuka mdima utangogwa. Kumbuyo kunali makatoni opanda kanthu. Kunkatentha moti malaya ankamatirira kumsana. Nambala inali pa 33, kufunda kwa dzanja langa.

Tinadutsa mashopu otseka. Tinadutsa pomwetsera mafuta. Magetsi a mumsewu anathera pamenepo. Kenako mlatho.

Kutsidya kwake msewu unali see, wopanda bampu ngakhale limodzi.

31. Kenako 26.

Nambala imeneyi anaipanga kuti izisintha pang'onopang'ono. Apa inkachita kudumpha. 18. 11.

"Mwaona?" anafunsa a Mwanapiye, maso ali kutsogolo.

Dzanja langa linali litayamba kuzizira. Osati mkati momwe munali sensa. Pamwamba pa zala, ngati wina wasanjika dzanja lake pa langa. Silinkafinya. Linangokhalapo, mmene amakugwirira wodwala amene watopa ndi kuyankhula.

4.

Galimoto inatsika pang'ono kumbuyo, mmene imachitira munthu akakwera. Katoni imodzi inakhwekhwereka, n'kuima.

Ndi dzanja linalo ndinazula waya wa sensa. Ukatero dashibodi imangoonetsa timizere tiwiri, aliyense wa ntchito yathu amadziwa. Ndinayang'ana waya woduka uja pamiyendo panga. Ndinayang'ana dashibodi. Inali pa 4.

A Mwanapiye anapatukira pambali n'kuima. Bambo wamkulu uja anatsamira chiwongolero, misozi ili chuchuchu.

"Miyezi itatu, achemwali. Usiku uliwonse. Ndimadziuza kuti ndi waya. Ndimabwera kwa inu kuti mundiuze kuti ndi waya."

"Si waya, bambo."

"Ndikudziwa. Koma kuyendetsa sindingathenso."

Panalibe amene anafuna kutsika. Tinasinthana malo momwemo, ine kudumpha giya, iwo kudzikokera mbali inayo, mutu ukugunda kudenga. Galasi loonera kumbuyo ndinalipindira m'mwamba. Ndinayendetsa pang'onopang'ono, ngati ndanyamula mazira. Dzanja lozizira lija linali pa langa pachiwongolero. Sindinalikutumule. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinaona ngati kukanakhala kupanda ulemu.

Titafika pathanki ya madzi, kumbuyo kunapepuka. Nambala inazima, panabwera timizere tiwiri. Zala zanga zinali zitauma gwa. A Mwanapiye anayatsa hita, kunja kukutentha choncho, n'kulozetsa mphepo yake kudzanja langa.

Tinabwerera njira yozungulira. Pagalaja tinapeza mlonda wathu, mkulu wosachedwa kudziwa nkhani za eni ake. Anatiyang'ana nkhope, n'kuunika chikwangwani cha nambala ya galimoto ndi tochi yake.

"Iyi ndikuidziwa," ananong'ona. "Mwini wake woyamba ankanyamula maliro kuchokera kuchipatala. Amati usiku wina anagubuduzika nayo chakumlatho uko. Anadzuka, anakwezanso bokosi, anafika nalo kwa anamfedwa. Koma onyamula anati linali lopepuka. Ena amati n'zabodza." Anazimitsa tochi. "Nanga furiji yosungira mitembo kumotchale amaiika pa madigiri angati? Inu ophunziranu mundiuze."

Ndinali nditatopa moti mantha analibe pokhala. Ndinabwezera sensa kuseri kwa bampala. Ndinadula katepi kakuda n'kumata panambala paja.

"Mugule choyezera kutentha cha m'khola, muzichipachika pakati pa makatoni," ndinawauza. "Muzikhulupirira chimenecho."

Anagwedeza mutu. Atalowa m'galimoto anatsitsa windo.

"Zija za kumlatho, achemwali, zoti ine ndina..."

"Munayendetsa ndinu ulendo wonse, bambo. Ine ndimayang'ana mita."

Loweruka ndi Lamulungu sindinagone bwino. Galimoto sindinaikonze, ndipo ndinkadziwa kuti palibe angaikonze. Lolemba ndinafika m'mawa, ndinapukuta masipanala anga onse, ndinawaika m'bokosi mwadongosolo kuti wondilowa m'malo asadzavutike.

Tsiku linapita a Mwanapiye osaoneka. Dzuwa litapendeka, tikukonzekera kutseka, ndinamva injini yake pageti. Kachinayi. Kumbuyo anapiye ankalira m'makatoni. Amalume anaika pansi nyundo, anandiyang'ana kamodzi, n'kupita kuwindo la dalaivala. Ndinawatsatira.

A Mwanapiye sanazimitse injini. Maso awo anali ofiira, a munthu wosagona. Chipewa chawo anachiika padashibodi, ndendende pamene panali tepi.

"Yatani tsopano?" anafunsa amalume.

"Palibe, akulu. Ndangodzera kudzanena kuti yachira. Mwana wanuyu musamutaye, amadziwa ntchito."

Amalume anakanda m'mutu. "Ndiye chimavuta n'chiyani nthawi yonseyi?"

"Waya," anatero a Mwanapiye, akuyang'ana ine.

Anabweza galimoto, anatuluka pageti, n'kukhotera njira ya kumlatho.